Mawu a Wailesi Alowa mwa Bakha

1. Mwana wopanda pozimitsira

M'tauni imeneyo mwana sankakula ndi zaka ayi, ankakula ndi mawu. Dzino lomaliza la ubwana likangoguluka, makolo ankadziwa kuti nthawi yakwana yoti mwanayo apite kwa a Mabotolo kukakhwimitsa mawu. Amene sanapiteko, ngakhale atamera ndevu zofika pachifuwa, ankalankhulabe ngati kamwana, ndipo pamsonkhano wa akuluakulu sankamupatsa mpando.

Chaka chimenecho, pakati pa ana oyenera kupita, panali mtsikana wina amene aliyense ankamutchula kuti Wailesi. Kusiyana kwake kunali kwakuti wailesi yeniyeni imakhala ndi pozimitsira, pamene iyeyu analibe.

Mayi ake anali telala, bambo ake anali wokonza njinga, ndipo onse ankagwirira ntchito pakhonde limodzi. Mayiwo ankadandaula kuti makina osokera amapumako ulusi ukatha, koma mwana wawo sapuma. Bambowo akafuna kumva pamene chubu chabooka, ankayamba amutuma Wailesi kukagula mchere, ngakhale mcherewo uli wodzadza m'chitini.

Mnzake wapamtima anali msuweni wake, mnyamata wotchedwa Phee. Iyeyu anali ndi chibwibwi, choncho anazolowera kungokhala chete. Chinzake chawo chinkayenda bwino kwambiri, chifukwa wina ankalankhula, wina ankamvetsera.

M'mawa wa tsiku la mwambowo mayi ake anamuveka diresi latsopano n'kumuchonderera kuti asawachititse manyazi. Wailesi anawauza kuti kukhala chete ndi nkhani yaing'ono. Anafotokoza mmene akhalire chete, chifukwa chimene akhalire chete, ndi anthu amene adzadabwe akamuona ali chete. Anafotokoza kuyambira pakhomo mpaka kukafika kwa a Mabotolo.

2. Chenjezo la a Mabotolo

Nyumba ya a Mabotolo inali kumapeto kwa msewu waukulu. M'kati mwake munali mashelefu kuyambira pansi mpaka kudenga, onse odzadza ndi mabotolo otsukidwa bwino. Eni akewo anali bambo wachikulire, wamfupi, wadazi, wovala magalasi omangirira ndi chingwe. Anandandalitsa anawo pabenchi, napatsa aliyense botolo lake.

"Ana inu," anayamba motero, "tcherani khutu, pakuti lero khutu lokhalo ndilo likutsalireni. Aliyense akhosomolera m'botolo lake, mawu ake agwera momwemo, ine nditseka. Mukatero muyenda msewu wonsewu wapansi, kudutsa pamsika, mpaka kukafika pathanki ya madzi. Botolo muligwire poyera kuti dzuwa liziwomba, mawu azikhwima. Dzuwa likafika paliwombo, ine ndikakutsegulirani komweko, inu mukamwa.

"M'njiramu anthu akuputani dala. Akunenani, akusekani, akunamizirani. Musawade, ndi ntchito yawo, iwonso anachitidwa zomwezo. Inu muzingomva n'kumapita. Munthu wamkulu si amene ali ndi yankho pa chilichonse ayi. Wamkulu ndi amene ali nalo yankho, koma n'kulisunga.

"Tsono nkhani ili pa chotsekerachi. Mwana aliyense chake ndi chimodzi, chapadera ndilibe. Ukatsegula nthawi isanakwane, mawu aawisi amathawa, ndipo alibe manyazi. Amalowa pakamwa paliponse pamene apeza potseguka. Sasankhanso chonena, amangokhutula chilichonse chimene mwini wake anamva chibadwire. Kale mnyamata wina anatsegula botolo pafupi ndi ketulo, mawu ake n'kulowa m'ketulomo. Pokafunsira mbeta anachita kunyamula mbaula ndi makala omwe, kudikira kuti madzi awire ndiye anene za chikondi. Mtsikanayo anakwatiwa ndi wina madzi asanawire."

Ana anaseka, koma a Mabotolo sanaseke nawo.

Anayamba kukhosomola mmodzimmodzi. Mawu a Phee anatuluka ngati kautsi kobiriwira, n'kukhala phee pansi pa botolo. Wailesi atakhosomola, botolo linadzadza mpaka m'khosi, likunjenjemera ngati muli njuchi. A Mabotolo anachita kulipana ndi mawondo, n'kukanikiza chotsekera ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu padazi.

Wailesi anafuna kunena kuti botolo lake ndi laling'ono. Milomo inagwedezeka, koma sipanatuluke kanthu. M'nyumbamo munamveka kulira kwa ntchentche.

3. Msewu wa mayesero

Anawo anatuluka pamzere, mabotolo ali m'manja. Anthu anali atadzadza m'mbali mwa msewu, ena atakwera pamipanda.

Wometa tsitsi anaima pakhomo pa shopu yake n'kulengeza kuti mutu wa Wailesi ukufanana ndi chishalo cha njinga yakale. Mayi wina wogulitsa tomato anati diresi lakelo lasokedwa ndi katani ya m'bafa. Wailesi analuma mlomo n'kupitirira. Phee, amene ankayenda pambali pake, anamuyang'ana modabwa.

Podutsa pakhonde la kwawo anapeza bambo ake atakhala pa tayala, akupukuta misozi. Ankauza anzawo kuti akhala pamenepo zaka zonsezi osadziwa kuti m'mtengo wa pakhomo pawo mumakhala mbalame. Wailesi anazimvanso zimenezo n'kupirira.

Chimene chinamugwetsa chinali pamsika. Pamenepo pankakhala mayi wina wogulitsa makala, amene anthu ankawatchula kuti Mayi Ndamva chifukwa nkhani yawo iliyonse inkayamba ndi mawu amenewo. Benchi lawo linali moyang'anizana ndi shedi ya kalipentala. Mayiwa ankamudziwa bwino Wailesi, choncho sanavutike n'kumunyoza. Anangotembenukira kwa anthu n'kuyamba kusimba nkhani ya tsiku limene kalipentala anatsakamira padenga la shedi yake.

Nkhaniyo Wailesi anaiona ndi maso ake. Koma Mayi Ndamva anaipotoza dala. Anati kunkagwa mvula, pamene kunali dzuwa. Anati kalipentala anavala malaya ofiira, pamene anali wosavala malaya. Anati makwerero anagwetsedwa ndi mbuzi.

Wailesi anaima. Botolo linayamba kutentha m'manja mwake. Phee anamukoka mkono kuti azipita, koma iye anatcherabe khutu kwa Mayi Ndamva.

"Ndipo zonsezi," anamaliza motero Mayi Ndamva, akumuyang'ana cham'mbali, "ndinazimva kwa Wailesi yemweyu, ndendende mmene ndanenera."

Apo m'pamene zinathera. Wailesi anaganiza zotsegula pang'ono pokha, kuti atulutse liwu limodzi loti "bodza" n'kutsekanso. Anapotokola chotsekera. Chinangoti phu, n'kutsalira m'dzanja lake, ndipo utsi wonse unatuluka nthawi imodzi.

Pansi pa benchi la kalipentala panali bakha wamkulu woyera amene ankawodzera pa utuchi. Pa nthawi yomweyo bakhayo anayasamula.

4. Bakha asimba zonse

Bakha uja anadzuka, nakung'untha mapiko, nayenda monyang'wa mpaka pakati pa msewu. Kenako anatsegula mlomo, ndipo panatuluka mawu a Wailesi enieni, ofulumira ngati mvula ya padenga la malata.

Anayamba n'kukonza nkhani ija. Anati kunali dzuwa, kalipentala anali chifuwa pamtunda, ndipo mbuzi sinalakwe chilichonse. Makwerero anawachotsa ndi akazi awo a kalipentala omwe, kukathyolera mapapaya kuseri, n'kuiwala kuti amuna awo ali padenga.

Kalipentala anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana akazi ake. Mbuzi ija anali ataigulitsa kalekale poipatsa chilango. Akazi akewo anayamba kusesa pamalo posesa kale.

Anthu anafa nalo phwete. Koma bakha anali atangoyamba kumene. Anaulula kuti Mayi Ndamva amaika miyala pansi pa thumba la makala. Anaulula kuti wometa tsitsi amakametetsa kwa mnzake wa msewu wina chifukwa lumo lake salikhulupirira. Anaulula kuti bambo ake a Wailesi amadetsa imvi ndi polishi wa nsapato, ndipo n'chifukwa chake sayenda pamvula. Bambowo, amene anali atathamangira pamsika, anakokera chipewa mpaka m'makutu.

Amene ankaseka kwambiri ndi amene dzina lake linali lisanatchulidwe. Likangotchulidwa, kuseka kunkasamukira kwa wina.

Wailesi anadumpha kuti am'gwire, koma bakha anazemba n'kukwera pamulu wa matabwa. Mayi ake anafika akuthamanga, tepi yoyezera ikulendewera m'khosi. Anamuuza kuti am'gwire msanga, am'finye pamimba kuti akhosomolere m'botolo, n'kutseka dzuwa lisanafike paliwombo. Akachedwa, mawuwo amera mizu.

Apa m'pamene bakha anatembenukira kwa Phee.

Anasimba zimene Phee anauza Wailesi yekha, atamulumbiritsa kuti asauze munthu. Anati mnyamatayu madzulo aliwonse amapita kuseri kwa khola kukayeserera kupereka moni kwa nkhuku, ndipo chibwibwi chikamugwira amalira. Kenako bakha anayamba kumuyeserera, akugwedeza khosi: "Mu-mu-muli bwa-bwanji?" Anayeserera ndendende mmene Wailesi ankachitira akakhala ndi atsikana anzake, Phee kulibe.

Ena anayamba kuseka, koma kusekako kunafera m'khosi.

Phee sanalire. Anangoyang'ana pansi, atakumbatira botolo lake pachifuwa. Wailesi anali asanamvepo mawu ake akuchokera pakamwa pa wina. Anafuna kukuwa kuti bakhayo atseke pakamwa, koma pakamwa poti atsekepo panali pake pomwe.

5. Chotsekera chimodzi

Kalipentala anatola chidutswa cha thabwa n'kuponya. Bakha anauluka pamulu paja n'kuyamba liwiro la mtondo wadooka, akulankhulabe. Anadutsa pansi pa mabenchi a tomato, nagubuduza dengu la anyezi, nalowa m'shopu ya wometa n'kutulukira pawindo ali ndi thovu la sopo kumutu. Pambuyo pake panali Wailesi, mayi ake, bambo ake atagwira chipewa, ndi theka la msika.

Kumapeto kwa msika kunali ngalande yaikulu ya madzi oyenda. Aliyense anaona kuti bakha akangolowa m'madzimo, basi wapita, ndipo nkhani za tauni yonse zikasimbidwa kumatauni ena.

Amene anamutsekera njira anali Phee. Anadzera chidule kuseri kwa mashedi, ndipo bakha atangotambasula mapiko m'mphepete mwa ngalande, mnyamatayo anadziponya pansi n'kumugwira mwendo. Wailesi anafika n'kumupanira bakhayo m'khwapa, dzanja lina litatseka mlomo wake.

Koma pogwa paja botolo la Phee linagunda pamwala. Silinasweke, koma chotsekera chinathothoka, chinagubuduzika, n'kugwera m'ngalande. Madzi anachitenga onse akuona.

Phee anatseka kukamwa kwa botolo ndi chala chachikulu. Chalacho chinali chaching'ono. Kautsi kobiriwira kanayamba kutulukira m'mbali, kakulira ngati likhweru.

Anthu onse anatseka pakamwa ndi manja. Mayi wina anatseka pakamwa pa mwana wake wa kumsana. Wometa anagwira galu amene ankafuna kuyasamula. Mayi Ndamva anavindikira ndowa ndi chitenje chawo.

Wailesi anali ndi bakha m'khwapa, botolo lopanda kanthu pansi, ndi chotsekera chake m'dzanja. Mayi ake, akulankhulira m'zala, anamuuza kuti afulumire, afinye bakhayo, chifukwa zithunzithunzi za anthu zinali zitafupika kale mpaka kumapazi.

Mtsikanayo anayang'ana botolo lake. Anayang'ana la Phee, mmene kautsi kaja kanali katachepa kale. Anagwada pafumbi, nachotsa chala cha msuweni wake, n'kukanikiza chotsekera chake pabotolo la mnyamatayo mpaka likhweru lija linaleka.

Phee anapukusa mutu, akufuna kuchizula kuti am'bwezere. Wailesi anamumenya padzanja n'kumulozera kuthanki.

Mayi ake anakhala pansi pomwepo, manja ali kumutu. Bambo ake anavula chipewa osasamalanso za imvi.

6. Pathanki ya madzi

Anafika pathanki dzuwa lili paliwombo penipeni. Ana ena onse anali atafika kale. Pamapeto pa mzere panaima Phee ndi botolo lake, ndi Wailesi ndi bakha wake.

A Mabotolo anatsegula mabotolo limodzilimodzi, ana n'kumamwa. Aliyense akameza ankayesa mawu ake atsopano popereka moni kwa makolo, ndipo amayi ankalira ndi chimwemwe.

Phee anamwa ake. Anakhosomola pang'ono, anthu onse ali tcheru. Mawu amene anatuluka anali aakulu, ozama ngati mgolo wopanda madzi, moti mbalame zinauluka pamwamba pa thanki. Chibwibwi chinalipobe, koma tsopano chinkamveka ngati cha munthu amene akusankha mawu mosamala. Sanayambe ndi moni kwa makolo. Anatembenukira kwa Wailesi.

"M-msuweni," anatero, "mkono wa-watopa. Bwera ndikunyamulireko."

Wailesi anapukusa mutu, misozi ikugwera pamsana pa bakha.

A Mabotolo anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Anayang'ana bakha, nayang'ana mtsikanayo kwa nthawi yaitali.

"Iwe mwana," anatero, "ndinanena m'mawa, ndipo ndinanena m'Chichewa chomveka. Anthu anakunyoza iwe, unapirira. Chimene chinakugwetsa ndi kufuna kuti aliyense adziwe kuti wodziwa nkhani ndiwe. Taona tsono, lero m'tauni muno muli mabanja amene sadyera pamodzi chifukwa cha iwe. Mawu ali ngati mbuzi za eni, ukazitsegulira khola sizifunsa kuti munda uwu ndi wa yani. Ndipo chinsinsi chimene mnzako wakusungitsa si chako, monga momwe nsalu ya kasitomala siikhala ya amayi ako chifukwa choti yagona m'nyumba mwanu.

"Koma zimene wachita pangalande ndazimvanso. Chiyambire ntchito imeneyi ndaona ana akuba zotsekera za anzawo, ndaona akuzibisa, wina anafuna kugula cha mng'ono wake ndi mpira. Wopereka chake ndiwe woyamba. Walakwa ndi pakamwa, wakonza ndi manja. Choncho sindikubweza ku ubwana. Mawu ako akhwimira mwa bakha momwemo, pang'onopang'ono, mpaka atasosoka nthenga n'kumera zina, ndipo pamenepo m'pamene adzabwerere kwa iwe. Uzimudyetsa, uzigona naye pafupi, ndipo chilichonse chimene anene uzichimva mpaka kumapeto, monga anthu akhala akukumvera iwe. Amene wawalakwira ukawapepese ndi ntchito, popeza pakamwa ulibe. Koma umusamale. Bakhayu akafa, mawu ako afera momwemo."

Mayi ake a Wailesi anapumira m'mwamba. Bambo ake anafunsa mwaulemu ngati bakha amagona tulo usiku. A Mabotolo anayankha kuti zimenezo akaziona okha.

Anthu anali atayamba kubalalika pamene kalipentala anafika, ali wefuwefu, utuchi uli m'tsitsi. Pambuyo pake pankabwera akazi ake atanyamula beseni. Kalipentalayo anapereka ulemu kwa a Mabotolo, kenako anati zonse zimene zanenedwazo wazimva ndipo ndi zanzeru, koma pali kanthu kamodzi kamene aliyense waiwala kufunsa: bakhayo ndi wa yani.

"Mawa kwathu kukubwera apongozi," anatero. "Ndinawalonjeza kalekale kuti adzadya bakha, ndipo bakha amene ndili naye ndi yekhayu."

Dzanja la Wailesi linafooka, mlomo wa bakha n'kumasuka. Anthu onse anabwerera m'mbuyo, aliyense akuopa kuti dzina lake litchulidwa. Bakha anayang'ana kalipentala, nayang'ana beseni, natsegula mlomo. Anautsekanso. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, mawu a Wailesi anasowa chonena.

Kalipentala anapinda manja a malaya n'kutambasula mikono.

"Mwanawe," anatero, "bweretsa kuno ndiwo zangazo."